KUTUPIDWA KWA THOLE

Mau awa alembedwa kwa inu amene muweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola la kuseri kwa nyumba, ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 25, ku Area 23, ndi kwina konse m'mbali mwa mzinda wa Lilongwe. Inunso a ku Kawale ndi ku Biwi, kumene nyumba zathithikana ndipo malo a khola asowa, muwerenge ndithu. Pakuti ambiri a inu muli ndi ng'ombe kumudzi, ndipo tsiku lina mbusa wanu adzakuimbirani foni usiku kuti thole latupa mimba, nadzafunsa chochita.

Munthu ayembekeza thole miyezi 9. Likakhala la msoti, ndilo ng'ombe ya mkaka ya mtsogolo. Ndipo ngati make munamlandira pa ngongole yopatsirana, thole limenelo siliri lanu konse, koma la mnansi wanu amene ali kudikira pa mndandanda. Koma kutupidwa kukhoza kulipha pakati pa kulowa kwa dzuwa ndi kulira kwa tambala. Chifukwa chache muyenera kudziwa nthenda iyi isanafike m'khola mwanu.

Chinthu chachikulu ndi ichi: kutupidwa sikuli kumodzi iai. Mimba itupa pa zifukwa zosiyana, ndipo mankhwala amene apulumutsa thole lina akhoza kupha linzache. Musanagwire botolo kapena mpeni, dzifunseni mafunso awiri. Kodi thole liri ndi masiku angati? Kodi latupa mbali iti?

ZIFU ZINAI ZA NG'OMBE

Mukapita kwa ogulitsa nyama pa msika, pemphani kuti akuonetseni za m'kati mwa ng'ombe. Mudzaona kuti chifu chache chiri ndi zipinda 4. Choyamba ndi chachikulu chija chonga thumba, chokhala ndi timinofu tonga ubweya wa thaulo. Chachiwiri chifanana ndi zisa za njuchi. Chachitatu chiri ndi masamba ambiri ngati buku. Chachinai chiri chosalala ndi choterera, ndipo ndicho chifanana ndi chifu cha munthu.

M'ng'ombe yaikulu, udzu ulowa m'chifu choyamba, chimene chikhala ku mbali ya kumanzere. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso tosawerengeka, timene tiwiritsa udzu monga chimera chiwiritsa mowa. Kuwira kumeneku kutulutsa mpweya usana ndi usiku, ndipo ng'ombe iutaya pogeya. Imani pafupi ndi ng'ombe yobzikula, mudzaimva irikugeya kawiri kawiri. Ikaleka kugeya, mpweya uunjikana, chifu chikula nichipanikiza mapapo, ndipo ng'ombe ifa chifukwa cholephera kupuma.

Thole lobadwa kumene siliri chomwecho. Chifu chache choyamba chiri chaching'ono, sichinayambe ntchito. Chachikulu ndi chachinai chija, chimene chikhala pansi cha kumanja, ndipo mkaka uyenera kupita m'menemo. Pali kamfuleni ka mnofu kumapeto kwa mmero. Thole likamayamwa bere, khosi litatambasuka, kamfuleniko kapindika nikasanduka ngati paipi, ndipo mkaka ulambalala chifu choyamba nugwera m'chachinai. Gwirani bwino mau awa, pakuti mabvuto ambiri a mathole a m'makola a m'tauni ayambira pa kamfuleni kameneka.

THOLE LA MASIKU OCHEPA

Kutupidwa koopsa koposa kugwira thole limene silinakwane mwezi, makamaka m'masabata atatu oyamba. Thole limene m'mawa linamwa bwino likana mkaka madzulo. Likukuta mano, liponda mimba yache ndi mwendo wa m'mbuyo, ligona nilidzuka, ligonanso. Mimba itupa kumanja kapena mbali zonse ziwiri, ndipo mukaigwedeza ndi dzanja mumva ngati madzi m'chigubu chosadzaza. Pamenepo chatupa ndi chifu chachinai. Mkaka wakhalitsa m'menemo, ndipo tizilombo toipa, monga timene madotolo atitcha Clostridium, taswana nititulutsa mpweya ndi ululu. Thole lotere likhoza kufa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwache.

Apa mphamvu yanu iri yochepa, ndipo nkwabwino kuti mudziwe chomwecho, kuti mungataye nthawi. Lekani kulipatsa mkaka. Likhazikeni chogona pa chifuwa, pa udzu wouma, losagona cham'mbali. Ndipo tumani munthu wa njinga msanga, kapena imbani foni kwa mlangizi wa ziweto kapena dotolo, osadikira kuti kuche. Iye ali ndi njira zimene inu mulibe: akhoza kuligoneka chagada ndi kutulutsa mpweya ndi singano pa malo amene awadziwa, kulipatsa penicillin, ndi kubwezera madzi m'thupi.

Musabaye thole lotere. Munthu amene anaona ng'ombe yaikulu ikupulumuka pobayidwa kumanzere aganiza kuti atero ndi thole lomwe. Koma kumanzere kwa thole la sabata limodzi kulibe mpweya woti utuluke, ndipo kumanja kuli matumbo, amene mukawaboola zonyansa zitayikira m'mimba ndipo thole lifa ndi kubvunda kwa m'kati. Musalimwetse soda kapena chidulo, pakuti soda akakomana ndi zowawasa za m'chifu atulutsa mpweya wina, monga muona akazi akathira soda m'therere la matimati. Musalipatsenso madzi a shuga wa pa tiyi. Thole laling'ono siligaya shuga wa nzimbe. Angowira m'mimba naonjeza bvuto.

THOLE LOMWERA M'CHIDEBE

Mtundu wachiwiri suli waukali chomwecho, koma ndiwo uchuluka kumene anthu akama ng'ombe kuti agulitse mkaka, nalekanitsa thole ndi make. Thole lanjala likaona chidebe pansi, limiza mphuno nilimeza mkaka mwaphuma, mutu uli chozolika. Kamfuleni kaja sikatseka bwino, makamaka ngati mkaka uli wozizira, ndipo mkaka ugwera m'chifu choyamba kumene suyenera kukhala. M'menemo usasa nuwola. Patapita ora limodzi kapena awiri, mbali ya kumanzere itupa. Kenaka iphwa yokha, mawa itupanso. Thole liwonda chinkana lirikumwa, ubweya uimirira nuthothoka, mimba ilendewera, ndipo ndowe zache zikhala zotuwa ndi zomata ngati dongo.

Mankhwala ache enieni ndiwo kusintha kamwetsedwe. Mkaka ukhale wofunda monga utuluka m'bere. Musanapereke chidebe, lolani thole liyamwe zala zanu zosamba kanthawi, kuti thupi lache lidziwe kuti mkaka ulinkudza. Ndipo chidebecho muchikweze kufikira pa maondo anu. Koposa zonse, funani nsonga ya mphira yoyamwitsira m'sitolo ya mankhwala a ziweto, muiike pa botolo kapena pa chidebe; bowo lache likhale laling'ono, ndipo musalikuze ndi mpeni pofuna kuti ntchito ithe msanga. Perekani mkaka pang'ono pang'ono, katatu kapena kanai pa tsiku, kufikira thole litachira. Ngati make ali wofatsa, kulibwezera ku bere masiku angapo kuposa mankhwala onse.

Pali njira yina yakale imene ithandiza thole limene layamba kale kudya udzu. Imani pambali pa ng'ombe yaikulu yamoyo bwino pamene irikubzikula, ndipo chakudya chikangokwera m'kamwa, chitengeni msanga, mukusamala zala zanu. Chisungunuleni m'madzi ofunda pang'ono, musefe, mumwetse thole. Mwatero mwasamutsa tizilombo tabwino kuchokera m'chifu cholama kunka m'chifu chodwala.

THOLE LIMENE LAYAMBA KUBZIKULA

Thole likapitirira miyezi iwiri, chifu choyamba chakula, ndipo litupidwa monga ng'ombe yaikulu. Imani kumbuyo kwache nimupenye. Pakati pa nthiti yotsiriza ndi fupa la chiuno, kumanzere, pali kadzenje. M'thole lotupidwa kadzenjeko kadzaza, kenaka katumphuka kuposa msana, ndipo mukagogoda ndi chala palira ngati ng'oma. Thole lileka kudya, litambasula khosi, lipuma movutika.

Nthawi yoopsa kuno ku Lilongwe ndi mvula yoyamba, m'miyezi ya November ndi December. Thole ladya mapesi ndi udzu wouma chilimwe chonse. Tsono mnyamata abwera ndi thumba la msipu wanthete wonyowa ndi mame, wozulidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kapena wa Lingadzi, wosakanizika ndi masamba a nyemba, nakhuthulira m'modyera. Thole lidya mosaleka. Msipu wanthete ndi masamba a mbeu za mtundu wa nyemba zichita thobvu m'chifu, longa la sopo, ndipo mpweya womangika m'thobvu sugeyeka. Gaga wosalala wa ku chigayo achita chimodzimodzi thole likamdya wambiri mwadzidzidzi. Momwemonso nsima yotsala, ndi masese amene ena atenga kwa ophika mowa poona kuti ali otsika mtengo.

Mukaona kutupa kotere, chotsani chakudya chonse. Imitsani thole pa malo okwera, miyendo ya kutsogolo ikhale pamwamba pa chulu kapena pa njerwa, ya m'mbuyo pansi, kuti khomo la mmero lituluke pamwamba pa zakudya. Pingasani kamtengo kosalala m'kamwa monga chitsulo cha pakamwa pa bulu, mukamange ndi chingwe kuseri kwa makutu. Thole potafuna kamtengoko lituluka malobvu ambiri, ndipo malobvu aswa thobvu. Sisitani mbali yotupayo ndi mphamvu kuchokera pansi kunka m'mwamba, ndi kuliyendetsa pang'ono pang'ono. Musalithamangitse.

Pamenepo limwetseni mafuta ophikira, omwewo a m'khitchini. Botolo la galasi la Fanta lilowa mamililita 300; thole la miyezi iwiri kufikira inai lifuna gawo limodzi la magawo atatu a botololo, kapena kucheperapo ngati liri laling'ono. Ng'ombe yaikulu ifuna botolo lathunthu kapena kuposerapo. Parafini wa nyale musamgwiritse ntchito, chinkana akulu ena amtama. Aotcha m'kati, ndipo kadontho kache kakalowa m'mapapo thole lidwala chibayo.

Kamwetsedwe kache kafuna kusamala, pakuti mathole ambiri apulumuka kutupidwa nafa ndi botolo. Kwezani mutu pang'ono pokha, mphuno isapitirire maso. Lowetsani kukamwa kwa botolo pambali pa kamwa, pamene palibe mano, nimuthire pang'ono, mudikire limeze, muthirenso. Musakoke lilime, musatseke mphuno. Likatsokomola, tsitsani mutu pomwepo. Thole limene lagwa pansi losakhoza kumeza musalimwetse kanthu konse. Mafuta akagwira ntchito, mudzamva kugeya isanathe theka la ora, ndipo mbali yotupa iyamba kufewa.

CHOTSAMWA PA MMERO

Mwezi wa December mango agwa pali ponse, ndipo thole limeza bango lathunthu, kapena mbatata, kapena chitsononkho, nichiima pa mmero. Mpweya usowa potulukira, ndipo mimba itupa msanga koposa. Chizindikiro chache ndi malobvu ochuluka otayikira pansi, kutambasula khosi, ndi kuyesa kumeza kosalekeza. Pamenepa mafuta a m'botolo sathandiza. Alibe njira, ndipo adzabwerera kulowa m'mapapo. Papasani khosi cha kumanzere. Mukapeza chotupa cholimba, chikankheni ndi zala ziwiri mofatsa kukwera nacho kukamwa. Musachikankhire pansi ndi ndodo kapena mpini wa tsache, pakuti mmero ung'ambika, ndipo mmero wong'ambika suchira.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Ng'ombe ya chiwewe nayonso ichita dobvu nilephera kumeza, ndipo anthu atenga chiwewe polowetsa dzanja m'kamwa kufuna bango limene kulibe. Agaru oyendayenda ali ambiri m'makwalala athu. Ngati thole linalumidwa ndi garu masabata apitawo, kapena lirikulira modabwitsa, musaike dzanja m'kamwa mwache, itanani dotolo.

ZA PAIPI NDI ZA KUBAYA

Mlangizi akafika, kawiri kawiri ayamba ndi paipi yofewa, imene ailowetsa pakamwa kufikira m'chifu choyamba. Ngati mpweya uli womasuka, utuluka nthawi yomweyo ndi fungo lache, ndipo mimba iphwa mukupenya. Ngati patuluka thobvu lokha, adziwa kuti pafunika mafuta, nawathira m'paipi momwemo. Ngati sipatuluka kanthu m'thole laling'ono, nchifukwa chatupa ndi chifu chachinai. Chotero paipi ichiritsa, ndiponso iulula mtundu wa nthenda. Munthu ali yense woweta ng'ombe za mkaka ayenera kupempha mlangizi kuti amphunzitse ntchito imeneyi tsiku la mtendere. Pakuti njira ya chakudya ndi njira ya mpweya ziri pafupi, ndipo wosaphunzira athira mafuta m'mapapo. Paipi ikalowa bwino muiona kapena kuikhudza irikutsika kumanzere kwa khosi. Ikasokera, thole litsokomola ndipo mpweya utuluka m'paipi molingana ndi kupuma kwache.

Kubaya ndi njira yotsiriza. Ichitika pokha pokha thole lokulirapo latupa kumanzere, lagwa kapena liri pafupi kugwa, lilime latuluka ndipo m'kamwa mwayamba kuda. Chida chache ndi chitsulo chosongoka chokhala m'kapaipi kache, chimene achitcha trocar. Pa thole, singano yaikulu ya jekeseni ya ng'ombe ikwanira ngati mpweya uli womasuka. Malo ache ndi pakati peni peni pa kadzenje ka kumanzere kaja, pamene patumphuka koposa, motalikira mofanana ku nthiti yotsiriza, ku fupa la chiuno ndi ku mafupa a msana. Ndipo chida chiloze pansi cha ku chigongono cha mwendo wa kutsogolo wa kumanja. Kumanzere kokha, kumanja iai. Thole lobayidwa lifuna mankhwala a dotolo pambuyo pache, pakuti bala limenelo lilowetsa zoipa m'mimba. Gulu liri lonse la alimi a mkaka likadachita bwino kusunga trocar imodzi ndi paipi imodzi pa malo odziwika kwa onse.

Kutupa kukaphwa, musafulumire kubwezera chakudya chakale. Tsiku loyamba ndi lachiwiri perekani udzu wouma wabwino ndi madzi oyera, gaga iai.

THOLE LOTUPIDWA KAWIRI KAWIRI

Thole lina litupa sabata ndi sabata popanda chifukwa chooneka. Nthawi zina nchifukwa linadwala chibayo, ndipo mwanabere wa m'chifuwa watupa napanikiza mmero. Koma m'tauni muno ganizirani za majumbo. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linatsimikiza lamulolo m'chaka cha 2019. Koma yendani m'ngalande za ku Mgona kapena kuseri kwa msika uli wonse, mudzaona kuti sanathe. Thole linyambita chiri chonse, makamaka jumbo limene munali mchere kapena mafuta a chipisi. Pulasitiki sigayika, ipotana ndi zingwe ndi nsanza nikhala chibuma m'chifu. Palibe mankhwala akumwa amene achotsa chibuma chimenecho, koma dotolo yekha pong'amba. Amene amweta udzu wanu m'mbali mwa mseu muwauze aupete ndi manja asanauthire m'modyera, ndipo thole musalimangirire pa dzala.

KUTSEKEREZA NTHENDA

Kutupidwa kwambiri kwa mathole kupangidwa ndi manja a mwini. Mkaka uli ndi mtengo, ndipo mtima unena kuti lita iri yonse yopita kwa thole yatayika. Tsono wina athira madzi mu mkaka, wina aphika phala la ufa kulowa m'malo mwa mkaka, wina amana thole m'mawa nalipatsa chidebe chodzaza madzulo. Zonsezi zitupitsa mimba. Thole la masabata oyamba siligaya ufa wa chimanga. Chifu chache chidziwa mkaka wokha.

Lipatseni mkaka woyamba wachikasu uja asanathe maora 6 chibadwire, pakuti m'menemo muli mphamvu yoteteza ku matenda, ndipo matumbo aleka kuilandira likatha tsiku loyamba. Pambuyo pache muyeso ndi uwu: mkaka wa tsiku limodzi ulingane ndi gawo limodzi la magawo 10 a kulemera kwa thole. Thole la makilogalamu 30 limwe malita 3 pa tsiku, ogawidwa kawiri kapena katatu, pa nthawi zomwezo tsiku ndi tsiku. Ngati mugwiritsa ntchito mkaka wa ufa wa mathole, tsatani muyeso wolembedwa pa thumba, musaukoleretse poganiza kuti thole linenepa msanga. Chidebe ndi nsonga ya mphira zitsukidwe ndi madzi otentha ndi sopo nthawi iri yonse, ndi kuyanikidwa chozondoka pa dzuwa.

Kuyambira sabata lachiwiri ikani pafupi madzi oyera, kadzanja ka chakudya cha mathole, ndi udzu wouma wofewa, kuti chifu choyamba chiphunzire ntchito pang'ono pang'ono. Chakudya chatsopano chiri chonse chilowe mwa masiku 7 kapena kuposerapo, osati tsiku limodzi. Msipu wanthete, nsenjere yaing'ono ndi masamba a lukina muzimwete lero, zifote pa mthunzi, muzipereke mawa. Ndipo thole lidye kaye udzu wouma lisanaone zobiriwira. Masamba a chinangwa osafota ndi mphukira za mapira musapereke konse, pakuti muli ululu umene upha msanga, ndipo mwini aganiza kuti kunali kutupidwa.

Dziwani lero kumene mlangizi wa ziweto wa dera lanu akhala, ndipo nambala yache ilembedwe pa chitseko cha khola kuti ndi mwana yemwe aione. Alimi a m'magulu a mkaka, monga a ku Likuni, ku Lumbadzi ndi ku Nathenje, adziwa amene angaitanidwe usiku. Afunseni chinkana simuli wa gulu lao.

Thole likafa mwadzidzidzi, musafulumire kunena kuti linatupidwa, pakuti mtembo uli wonse wa ng'ombe utupa pakapita maora ochepa, makamaka nyengo yotentha. Ngati mwazi wakuda wosaundana utuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musalisende, musalitumbule, musagawe nyama yache kwa anansi kapena kuigulitsa kwa ootcha kanyenya. Ikhoza kukhala nthenda ya anthrax, imene igwira ndi anthu omwe. Phimbani mtembo kuti agaru asaufike, nimuuze mlangizi; iye adziwa zoyenera kutumiza ku nyumba yopimira matenda a ziweto ku Bwemba, ndipo adzakuuzani kuya kwa dzenje lokwirira.